Ukatopa ndi kupemphera, yamba wadya

Mdzukulu wanga wina wa ku Ndirande wandifunsa kuti: "Agogo, sukulu ndinamaliza kalekale, makalata ofunsira ntchito ndamwaza mu Limbe ndi m'tauni monse koma kuli zii. Ndasala kudya, ndakwera phiri kukapemphera, basi ndatopa. Masiku ano Lamulungu ndimangogona. Kodi Mulungu wanditaya?"

Mwana wanga, kutopa si tchimo. Tatsegula 1 Mafumu 19. Eliya yemwe uja anaitanitsa moto pa phiri la Karimeli, atamva kuti Yezebeli akufuna mutu wake, anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo n'kumapempha imfa. Mulungu sanamukalipire. Anamuleka agone, kenako mngelo n'kumudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi. Anagonanso, mngelo n'kumudzutsa kachiwiri, nkhani yake yomweyo ya chakudya. Zokambirana zinadza pambuyo, ku Horebu, atayenda masiku 40.

Tsono iwe ukusala kudya uku ukuyenda wapansi dzuwa lili pamutu, kuchoka ku Ndirande mpaka ku Ginnery Corner chifukwa ndalama ya minibasi palibe. Ukafika kunyumba miyendo ili njenjenje, n'kumadabwa kuti pemphero likukanika bwanji. Kusalako kuyambe kwaima. Phika nsima, olo ndiwo zikhale bonya kapena chisoso, udye, ugone tulo tokwanira. Ena anena kuti agogowa akufooketsa ana pa zauzimu. Anene, ine ndaona achinyamata akukomoka kuphiri, owatumawo ali kunyumba kumwa tiyi wamkaka.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wadzitsekera m'nyumba. Eliya naye ankadandaula kuti watsala yekha, koma Mulungu anamuuza kuti alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Munthu wotopa amaona ngati mavuto ndi ake okha. Dzuka, samba, pita kutchalitchi ngakhale mtima uli gwa. Ukhale kumbuyo ngati ukufuna. Nyimbo ikakukanika, anzako akuimbira. Mapemphero atatha usathawe ngati wakuba, upereke moni kwa akuluakulu monga unaleredwera. Kumlaga kapena kumphakati usasowe, chifukwa kumeneko n'komwe anthu amadziwana mayina ndi makomo. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu 2023, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndinaona amayi amvano akusenza mitolo ya zovala ndi ufa kupita nazo kumisasa, ena mwa iwo ali ndi maliro awoawo. Usaganize kuti mitima yawo inali yodzala ndi chimwemwe. Anali olema ngati iwe, koma anali pamodzi.

Uchenjere ndi aneneri amene amanunkhiza munthu wotopa ali patali. Akuuza kuti azakhali ako anakumanga, ugule madzi kapena mafuta odzozedwa, ufese mbewu ya ndalama kuti ntchito ituluke. Ndalama yomwe ukanagulira makala ipita, n'kudananso ndi abale ako popanda umboni. Yesu sanagulitsepo machiritso.

Komanso mkwiyo wako usakautsanulire pa Facebook. Madandaulo pita nawo kwa mwini wake. Werenga Salimo 13 uone Davide akufunsa Mulungu mobwerezabwereza kuti adzamuiwala mpaka liti. Limenelonso ndi pemphero, ndipo ngati mawu ako atha, bwereka akewo. Ukaona kuti tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, kapena maganizo ofuna kudzipha ayamba kukuzungulira, usachite manyazi: uza abusa, mkulu wa mpingo kapena mayi ako tsiku lomwelo, ndipo mupitire limodzi kuchipatala.

Za ntchito sindikunamiza kuti ibwera mwezi uno. Koma kumlagako ukanene poyera kuti ukusaka ntchito, ndipo wina akakupatsa ganyu yolemba malisiti pa hadiweya kapena yophunzitsa ana ake masamu madzulo, usaikane chifukwa cha satifiketi.