Kwa achemwali a ku Chilomoni ofuna kukopa anthu kukavota

Achemwali mwafunsa zabwino mu gulupu muno ndipo awo akukusekaniwo kuti mukungosaka alawansi asiyeni. Mwati mwamaliza sukulu muli pakhomo ku Chilomoni, mukufuna muthandizeko kuti anthu akavote pa chisankho cha pa 16 September 2025 koma za chipani simukuzifuna, ndiye muyambire pati. Ine ndinapangapo zimenezi mu 2019 ndi 2020 kwathu kuno ku Ndirande, ndiye ndilemba motalikirapo, wotopa adutse.

Za ndalama zichoke kaye m'mutu. Mukapeza bungwe mwina akupatsani ya thiransipoti ndi ka Fanta pa tsiku la maphunziro, basi, ine nsapato zanga zinatha chidendene ndipo palibe anandigulira zina. Ngati mukufuna kuyima pagulu ndi sipika nkumaphunzitsa anthu za kavotedwe, pamafunika kukhala pansi pa bungwe lomwe MEC, yoyendetsa zisankho, inalivomereza, osangodzuka nokha. A NICE, bungwe lophunzitsa anthu za demokalase, ali ndi maofesi m'maboma ndipo ntchito yawo yambiri imayenda ndi mavolontiya a m'madera, ngati ndinu a Katolika funsani za CCJP, nthambi ya mpingo yoona za chilungamo ndi mtendere, pa parishi panu, aliponso a PAC amene amasonkhanitsa mipingo ndi Asilamu. Pitani mukadzionetse nkhope, osangotumiza mesiji. Koma zomwe ine ndinaona kuti zimagwiradi ntchito sizifuna chikalata cha wina aliyense, ndi kucheza ndi anthu a mu layini yanu omwe amakudziwani kuti ndinu mwana wa mayi uje.

Ndiyambe ndi manyazi anga kuti inu musawaone. Tsiku loyamba ndinavala jezi yanga ya Noma, ya buluu, osaganizako chilichonse, ndangofika pa nyumba yachitatu bambo wina akuti aaa a DPP mwabwera, nsalu zili kuti? Ndinafotokoza mpaka thukuta koma sanamve. Mawa lake mnzanga anabwera ndi ya Bullets yofiira, akuti ndi a UTM awa kkkk. Yachikasu akuti UDF, ya olenji akuti PP, chobiriwira chophatikiza chofiira ndi chakuda mwakhala wa tambala. Nyengo ino mtundu wa malaya umayankhula musanatsegule pakamwa, ndiye pezani ka tisheti koyera kapena kotuwa ndi chitenje chopanda nkhope ya munthu, muzichapa madzulo muzivalanso mmawa.

Tsopano ntchito yeniyeni. Tengani kope la 32 pages lija mulembe mayina a anthu 20 kapena 25 omwe mumawadziwa, a pa mpanda panu, a kwaya, amayi ogulitsa mandasi pa kona, anyamata a kabaza a pa siteji yanu. Osapitirira pamenepo, ine ulendo woyamba ndinkafuna Ndirande yense kuyambira Goliyo mpaka Makata ndipo ndinangotopa chabe osadziwa ngati pali mmodzi yemwe anapita chifukwa cha ine. Aliyense musamufunse kuti kodi mukavota, chifukwa Mmalawi pofuna kukulemekezani ayankha kuti eee tikavota ngakhale alibe nazo ntchito. Mufunseni kuti munalembetsera senta iti, mudzanyamuka nthawi yanji, mudzapita ndi ndani, mwana adzatsala ndi ndani, geni adzakuonerani ndani. Mafunso amenewa ndi omwe amatulutsa vuto lenileni, ndipo mudzadabwa kuti ambiri osavota si kuti anakwiya ndi ndale ayi, ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe palibe anawafunsapo.

Chachikulu pa tonse ndi senta. Kalembera anatseka, amene sanalembetse ulendo uno sangavote ngakhale mutamulalikira usiku wonse, ndiye mpatseni moni mupite kwa wina. Olembetsa chisankho cha 2025 m'dziko muno ndi pafupifupi 7.2 miliyoni ndipo anthu anu ali mmenemo. Koma Blantyre ndi tauni ya alendi, munthu analembetsa ali ku Bangwe pano alandilodi anakweza renti anasamukira ku Chirimba, dzina lake lili ku Bangwe komweko ndipo minibasi ziwiri kupita ziwiri kubwera ndi mitengo ya masiku anoyi si zocheza. Ena analembetsera kumudzi ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu chifukwa nthawi ya kalembera anali kumunda. Amenewa mukawauza pa 15 madzulo palibe chomwe angachite, koma mukawakumbutsa panopa amayamba kusunga pang'onopang'ono, ena amaphatikiza ndi ulendo wokaona makolo. Ndiye pali a ku Soche, Chilobwe ndi Manja amene namondwe wa Freddy anawabalalitsa mu March 2023, mabanja ena mpaka pano akungosamukasamuka ndipo mapepala awo ambiri anapita ndi matope, amenewa muziwafunsa mofatsa chifukwa nkhani ya ziphaso imawakumbutsa zambiri. Wina akakuuzani kuti kaslip kolembetsera kanasowa, muuzeni kuti kutaya kapepala sikufufuta dzina m'kaundula, atenge chiphaso chake cha unzika cha NRB apite pa senta pomwe analembetsera.

China chomwe anthu ambiri sakuchidziwa, ndipo ichi chokha mutachifalitsa mwagwira ntchito, ndi nthawi. Tinazolowera kuti kuvota ndi 6 mmawa mpaka 6 madzulo, koma malamulo atsopano akuti masenta azitseka 4 koloko. Amayi ambiri a geni amaganiza kuti ndigulitse kaye ku Limbe ndikavota poweruka, adzapeza atatseka. Auzeni apite mmamawa, September kumatentha kale, pofika 11 koloko pa mzere pamakhala dzuwa loswa mtengo. Agogo, amayi oyembekezera ndi anzathu aulumali amawalowetsa kutsogolo, koma agogo ambiri sadziwa zimenezo amangoopa mzere, ndiye ngati pa mndandanda wanu pali nkhalamba, imeneyo ndi yoti mudzaiperekeze nokha.

Ndiye pali gulu lomwe limandimvetsa chisoni, alonda a usiku ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba za ku Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside uko. Mlonda waweruka 6 mmawa wayenda wapansi mpaka ku Mbayani, tulo tili m'maso, mukuganiza akaima pa mzere? Ine wanga wina ndinachita kugwirizana naye kuti asafike kunyumba, adutsire pa senta ali ndi yunifomu yomweyo kenako akagone, ndipo zinatheka. Wantchito wa m'nyumba yekha amaopa kupempha, abwana apita kukavota iye watsala ndi ana. Ngati muli mu gulupu muno ndipo muli ndi wantchito, mwamva, mupatseni maola awiri, si nkhani yoti mpaka achite kugwada.

Tsopano okwiya aja, chifukwa mudzakumana nawo ndithu. Mawu ake ndi awiri, amabera, ndi onse ndi amodzimodzi. Langizo langa musathamangire kuyankha. Munthu wagona pa filing'i siteshoni kudikira mafuta, shuga wakwera, ufa wakwera, mwana wake ali ndi digiri akugulitsa ma units, ndiye inu mwabwera ndi mawu a m'kalasi akuti ndi ufulu wanu wachibadwidwe, akuthamangitsani ndipo sadzalakwa. Mulekeni alankhule athe mpweya. Akatha ine ndimangomukumbutsa zomwe anaziona ndi maso ake. Pa 14 June 1993 makolo athu anavotera nyali pa referendamu, chaka chotsatira pa 17 May Kamuzu amene ankatchedwa wamuyaya anachoka pampando ndi voti. Mu 2014 Joyce Banda ali pampando anagwa nakhala wachitatu. Mu 2020 Peter Mutharika ali pampando anagwa. Atatu onsewa anali ndi boma m'manja, apolisi, wailesi, galimoto, koma anthu a pa mzere anawachotsa, ndipo ndimatchula onse atatu dala kuti asanene kuti ndikukondera mbali.

Za kubera ndimavomera kuti 2019 zinthu sizinayende bwino, tonse tikukumbukira tipeksi. Koma nkhani sinathere pamenepo, pa 3 February 2020 majaji asanu a khoti la za malamulo oyendetsera dziko anawerenga chigamulo tsiku lonse mpaka usiku tili pa wailesi, anafafaniza chisankho cha pulezidenti, Supreme Court inagwirizana nazo, tinavotanso pa 23 June. Mlandu umene uja unatheka chifukwa panali mavoti oti awerengedwe ndi mapepala a zotsatira a pa senta oti afananizidwe. Ndipo kuchokera pamenepo wopambana upulezidenti ayenera kupeza 50+1, kutanthauza kuposa theka la mavoti, osati zija za 38 peresenti munthu nkulumbira. Chomwe chimandiwawa ine ndi chakuti mu 2019 pa olembetsa 100 aliwonse anavota pafupifupi 74, koma chisankho chobwereza chomwe anthu anachimenyera nkhondo m'misewu anavota pafupifupi 65 okha. Wina sangatembenuke ngakhale mutamuuza zonsezi, musakangane naye, mutsanzikeni bwino, mawa mudzafuna kubwereka wilibala yake.

Amene akuti apulezidenti onse ndi amodzi ndimamusiya ndi maganizo akewo nkumufunsa za khansala. Mapepala ndi atatu paja, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, ndipo la khansala ndi lomwe anthu amangochonga mwachisawawa pomwe ndi amene ali pafupi ndi ngalande yotsekeka ya kuseri kwanu, zinyalala za mu msika, chimbudzi cholipiritsa, kamlatho ka matabwa ka pa Nasolo komwe ana amawolokera popita kusukulu. Makhansala omwewa ndi amene amasankha meya wa mzinda pakati pawo. Achinyamata ambiri sadziwa kuti dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, zaka zonsezo ku khonsolo kunalibe munthu wosankhidwa ndi ife woti nkumuloza chala. Ndipo mpikisano wa mu wodi umatha kusiyana ndi mavoti ochepa kwambiri, anthu a pa kope lanu aja ndi mabanja awo akhoza kutembenuza zinthu. Muwakumbutsenso kuti malire anasintha, madera a aphungu achoka pa 193 kufika 229 ndipo mawodi ndi 509, ndiye wina akhoza kupeza kuti nkhope zomwe zili pa pepala lake si zomwe ankayembekezera, ayambe kufunsa panopa kuti dera lake likutchedwa chani ndipo akuyimira ndani.

Musaiwale mavoti owonongeka. Zimapweteka munthu wayima maola atatu kenako wachonga anthu awiri chifukwa onse amawakonda, kapena wasayina dzina lake, kapena walembapo mawu okalipa. Ine ndinkajambula mabokosi pa pepala ndi zithunzi za nthochi, chinangwa, mbatata, nkumawayesetsa agogo kuchonga kamodzi kapena kudinda chala m'bokosi limodzi. Osagwiritsa zizindikiro zenizeni za zipani poyeserera, mawa zimveka kuti mwana uja akuphunzitsa anthu kuvotera chakuti. Ndipo adzakufunsani ndithu, iwe mwanawe ndiuze wabwino ndi uti. Pamenepo ndi pamayeso, ngakhale muli ndi wanu mumtima mumeze, muwauze kuti agogo m'kachipinda muja mukhala nokha, palibe adzadziwe, ngakhale amfumu ngakhale amene anakupatsani nsalu.

Zoti mutipatsa chani mudzazimva khomo lililonse. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa ma handouts koma tonse tikuona zomwe zimachitika. Inu musanyamule kanthu, ngakhale sopo, ndipo shado wina, wofuna uphungu kapena ukhansala, akamva kuti muli ndi kope la mayina adzakutumizirani anyamata kuti sisi tithandizane, akupatseni ya ma units. Kanani, ndipo kopelo musamupatse munthu, musalembemonso manambala a ziphaso za anthu, dzina ndi senta basi, chifukwa mphekesera yoti akugula ma ID imayenda msanga kuposa minibasi ya ku Chilomoni ndipo ikakugwerani simudzayeretsanso dzina. Kampeni imatseka maola 48 kuvota kusanayambe, pa tsiku lovotalo mukaperekeza munthu musakhalenso mukuzungulirazungulira pa senta, imeneyo ndi ntchito ya mamonita ndi oyang'anira omwe ali ndi mabaji.

Malo ocheza abwino ndi pomwe anthu akudikira kale, pa kiyosiki ya madzi mmamawa, kuchigayo, pa banki m'khonde akamaliza kusonkha, pa bawo, ku saluni. Kutchalitchi kapena kumzikiti pemphani kwa akuluakulu mphindi ziwiri pa zolengeza, munene tsiku, nthawi yotsekera ndi zoti atenge, mukhale pansi. Pamaliro ayi chonde, andale atiwonongera kale miyambo kumeneko. Facebook ndi ma status a WhatsApp ikani, koma dziwani kuti amene amakupangani like ndi omwe anali kale opita, mayi wa makala uja alibe bandulo. Ndipo poti ndinu mtsikana muziyenda awiri, kukayamba kuda bwererani, kumalo omwera mowa kusiyireni anyamata.

Pa kope langa la 2020 munali mayina 23, omwe ndinawaona ndi inki pa chala anali 17. Awiri anali kumudzi sindinawatsatire, mmodzi anadwala, atatu anangondinamiza, mmodzi mwa iwo ndi malume anga enieni amene mpaka lero amadandaula za boma kuposa tonse m'banja mwathu. Loweruka likubwerali ine ndi anzanga awiri tiyambanso kuzungulira cha m'ma 8 mmawa, ngati mukufuna kudzaonera kaye tsiku limodzi musanayambe kwanu ndipezeni ku inbox tigwirizane pokumana, mutenge ambulera ndi botolo la madzi, ndipo jezi ya timu yanu isiyeni pa chingwe.