Kodi tiziti "kudalirana kwa mayiko"? Nanga "osauka" ndi chipongwe?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina amene amamasulira nkhani zachuma pa wailesi. Iwo alemba kuti: "Aphunzitsi, mawu akuti globalization amandisowetsa mtendere. Anzanga amati ndizingonena kuti kudalirana kwa mayiko. Kodi akulondola? Komanso akuluakulu a kuntchito amandiletsa kunena kuti mayiko osauka, ati ndi chipongwe, ndiziti mayiko ongotukuka kumene."

Mayi, mwandikanda poyabwa. Mafunso anu onse awiri agona pa misintho ya aneni, phunziro limene ambiri analisiya m'kalasi tsiku lomwe analemba mayeso.

Tiyambe ndi kudalirana. Mneni wake ndi kudalira, kutanthauza kutsamira pa munthu amene ukudziwa kuti sakugwetsa. Tikaphatikapo -an- timapeza msintho wochitirana, ndipo kamsintho kameneka sikachita zamasewera. Kamanena kuti chimene uyu akuchitira uyo, uyonso akuchitira uyu. Kukondana, kuthandizana, kumenyana. Wamkulu akamakwapula mwana, mwanayo n'kumangolira, palibe Mchewa amene anganene kuti akumenyana. Timati akumumenya. Ndiye mukanena pa wailesi kuti mayiko akudalirana, womvera amaona anthu awiri amsinkhu umodzi atatsamirana, monga muja timanenera kuti kupatsa n'kuika.

Kodi ndi mmene zilili? Pang'ono inde. Dziko la China linalowa m'bungwe loona zamalonda la WTO mu 2001, ndipo pa zaka pafupifupi 40 anthu ake okwana 800 miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni, mwa zina chifukwa chopanga katundu wogulitsa kunja. Vietnam yatsata njira yofananayo. Koma onaninso mbali inayi. Mu 2003, pa msonkhano wa WTO mumzinda wa Cancún ku Mexico, mayiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anadandaula kuti ndalama zimene boma la America limapatsa alimi ake a thonje zikugwetsa mtengo wa thonje padziko lonse, alimi awo n'kumalima chaka chathunthu osaphulapo kanthu. Dziko la DR Congo limakumba gawo lalikulu la mwala wa cobalt umene umalowa m'mabatire a mafoni ndi magalimoto, koma wambiri umakayengedwa ku China, ndipo phindu lenileni limatsalira kumene batireyo yapangidwira. Wopanga batire amaufunadi mwalawo, sindikukana. Koma woika mtengo ndi mmodzi, wina amangovomera. Pamenepo -an- uja akunena zoposa zimene zilipo.

Ine ndimakonda mawu akuti kulumikizana kwa mayiko pa zamalonda. Mudzati nawonso ali ndi -an-, ndipo n'zoona, koma kulumikizana sikulonjeza kuti olumikizanawo ndi ofanana mphamvu. Ng'ombe ndi ngolo n'zolumikizana, komabe wina akukoka, wina akukokedwa. Mawuwa amangonena kuti chingwe chilipo, ndipo womvera adziweruzira yekha ngati chingwecho chili chabwino. Imeneyo ndiyo ntchito ya womasulira. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musati gulobolaizeshoni, monga ndamvera achinyamata ena akuchitira. Sindidana ndi mawu obwereka. Buku, sukulu, banki, kompyuta, onsewa anakhazikika chifukwa munthu amatha kuloza chinthucho ndi chala. Koma ganizo silingalozedwe ndi chala, ndipo mukalibwereka losamasulira womvera amangotsala ndi phokoso m'khutu.

Tsopano chitukuko, mawu amene ndakhala ndikuwasinkhasinkha zaka zambiri. Ndili mwana, agogo anga ankati "tukula" akafuna kuti ndinyamule chinthu cholemera kuchichotsa pansi. Kutukula kunali kwa msana ndi thukuta, ndipo wotukulayo ankadziwika. Kutukuka ndi msintho wochitika, ngati kusweka kuchokera ku kuswa. Msintho umenewu umabisa wochita. Mwana akagwetsa mbale amati yasweka, safuna kutchula woiswa. Dzina loti chitukuko linachokera ku kutukuka, choncho linabadwa litabisa kale wotukula, ndipo ine ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake lero timamva zoti chitukuko chabwera, atibweretsera chitukuko, talandira chitukuko, ngati ndi katundu wotsika pa lole. Agogo anga sakanazimvetsa zimenezi. Chinthu sichibwera chotukuka, pamakhala amene awerama n'kuchitukula. South Korea, imene nkhondo inaisiya bwinja mu 1953 ndipo inkakhalira thandizo la kunja, lero imathandiza mayiko ena. Anthu ake anaphunzitsa ana, anamanga mafakitale, anagwira ntchito maola ochuluka zedi. Pokamba za dziko lotere mneni woyenera ndi kudzitukula.

Nanga ongotukuka kumene? Vuto lili pa kumene. Mwana wobadwa kumene ndi wamasiku ochepa. Bungwe la United Nations linakhazikitsa mndandanda wa mayiko otsalira kwambiri pachuma mu 1971, ndipo loyamba kutulukamo linali Botswana mu 1994. Mayiko ambiri amene analembedwa pachiyambi, kuphatikizapo Malawi, adakali momwemo. Zaka zoposa 50 si kumene. Ngakhale Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inasiya mu 2016 kugawa mayiko m'ziwerengero zake zikuluzikulu kuti awa ndi otukuka, awa akutukuka, chifukwa thumba limodzi silingasunge Mexico ndi Burundi pamodzi. Tsopano imawagawa potengera ndalama zimene anthu ake amapeza.

Akuluakulu anu akulakwitsa ponena kuti osauka ndi chipongwe. Kusauka m'Chichewa chakale ndi kuvutika, ndipo abale ake ndi masautso ndi kusautsa. Wosauka ndi munthu amene zamuthina, osati waulesi kapena wopanda nzeru. Mawuwa ali ndi chifundo mkati mwake. Chinanso chimene ndimawakondera n'chakuti m'bale wawo kusautsa amatsegula funso limene kutukuka kumatseka: chawasautsa n'chiyani? Ngongole, chilala, nkhondo, mitengo yoikidwa ndi ena, atsogoleri akuba. Nenani mayiko osauka mopanda mantha. Ngati akuntchito akana ndithu, nenani mayiko opeza ndalama zochepa, poti zimenezo n'zoona ndipo zimawerengeka.

Umphawi ndi dzina la mkhalidwe wonsewo, pomwe usiwa makamaka ndi kusowa chovala, ndiye musawasinthanitse mwachisawawa. Banki ija ikamakamba za anthu okhala pansi pa muyezo wake wa umphawi, umene unali dola imodzi patsiku mu 1990, madola 1.90 mu 2015, madola 2.15 mu 2022 ndi madola 3 mu 2025, mawu athu oti umphawi wadzaoneni akukwanira bwino lomwe. Ndi mawu amphamvu: umphawi woti uitane anthu adzaone.

M'kalata yanu mwalembamonso "ma donor". Amenewo asiyeni. Tili ndi opereka thandizo, koma musanawatchule choncho yang'anani kaye pepala limene mukumasuliralo. Ngati ndalamazo n'zaulere, ndi thandizo ndithu. Ngati zidzabwezedwa, ngakhale pa chiwongoladzanja chochepa ngati chimene bungwe loona za ndalama padziko lonse la IMF ndi Banki ija amapereka kwa mayiko osauka, imeneyo ndi ngongole, ndipo eni ake muwatchule kuti obwereketsa ndalama.