Za Sande ya Kanjedza ija mwafunsa

Amai, mwafunsa kuti kodi makanjedza aja timanyamula tanthauzo lake n'chiyani kapena ni mwambo chabe wa Akatolika. Iyai, nkhani yake ili m'Baibulo momwe, Yohane 12 ndiye amatchula kanjedza kwenikweni, Mateyu 21 amangoti nthambi za mitengo. Yesu akulowa mu Yerusalemu pa mwana wa bulu, anthu kuyala zovala mumsewu uku akufuula Hosana, ndiye kuti tipulumutseni, mau ochokera pa Masalimo 118. Bulu uja musamuone mopepuka, mneneri Zekariya (9:9) ananeneratu kuti mfumu idzabwera yofatsa itakwera bulu, pomwe mafumu ankhondo ankakwera akavalo.

Chomwe chimandigwira mtima ine n'chakuti tsiku lomwelo, tikangolowa mu tchalitchi thukuta lili kamukamu ndi ulendo wonyamula makanjedza uja, kuno ku St Anne's amawerenga masautso onse a Yesu mpaka pamtanda, ansembe atavala zofiira, chimwemwe chija n'kuzizira pomwepo. Sabata Loyera layamba basi.

Kanjedza wanu musataye, kampachikeni kunyumba, chaka chamawa amatenthedwa kukhala phulusa la Lachitatu la Phulusa.