Lamba wa m'khosi kapena wa pachifuwa?

Achimwene, mwafunsa kuti galu wanu wokoka uja mumugulire lamba wa m'khosi kapena harness, wa pachifuwa uja. Tengani wa pachifuwa. Galu akamakoka, lamba wa m'khosi amafinya kholingo, n'chifukwa chake amatsokomola ngati watsamwa fupa.

Wanga ndimayenda naye m'misewu ya m'minda ya tiyi cha ku Chitakale, ndipo akangoona mbuzi mutu umamusokonekera. Chinandithandiza ndi lamba wokoleka chingwe kutsogolo, chifukwa akakoka amatembenukira kwa ine. Wokoleka kumsana, galu wamphamvu amakukhwekhwerezani ngati ngolo.

Pomanga, zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi thupi lake, osapitirira apo, angavule pobwerera chammbuyo. Mukafika pakhomo muzimuvula, ndi mvula ya kuno ku Mulanje lamba wonyowa amanyula m'khwapa.