"Ndimawerenga usiku wonse koma m'mayeso zonse zimathawa": yankho kwa mchemwali wa ku Lizulu

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina wa Fomu 4 ku Lizulu. Akuti amawerenga notsi za Biology mpaka tambala kulira, miyendo ataiviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamugwire, koma akangokhala pa desiki ya mayeso mutu umangoti mbee. Chomudabwitsa nchakuti nyimbo za ku Sande sukulu zomwe ankaimba ali kamwana akuzikumbukirabe zonse. Ndiye akufunsa, kodi mutu wangawu ndi wakufa kapena alipo akundilodza?

Achemwali, palibe wakulodzani ayi. Ndipo madzi a m'beseniwo katayeni, ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza ndi Ntcheu mu June muja mungodzizunza chabe.

Nkhani ili apa. Chinthu chikalowa m'mutu chimayamba chakhala pa kamalo kakang'ono kosunga zinthu kwa masekondi ochepa basi. Katswiri wina wa za maganizo, George Miller, analemba mu 1956 kuti pamenepa pamakwana zinthu pafupifupi 7, ena ofufuza pambuyo pake anati mwina 4 zokha. Mukakala khadi la mayunitsi mumawerenga manambala aja m'timagulu, kuwalowetsa mufoni, mayunitsi akangolowa manambala aja mwaiwala kale eti? Ndi momwemo.

Kuti chinthu chikhazikike pamafunika kachiwalo kena mkati mwa ubongo kotchedwa hippocampus. Tinakadziwa bwino chifukwa cha Henry Molaison wa ku America, yemwe mu 1953 madokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya kachiwaloka pofuna kuchiza khunyu lake. Khunyu linachepadi, koma kuyambira pamenepo mpaka imfa yake mu 2008 sankatha kusunga zinthu zatsopano, munthu ankacheza naye bwinobwino, akatuluka nkubweranso patapita kanthawi ankamulandira ngati mlendo, pomwe za ubwana wake ankazikumbukira. Tsono ntchito yaikulu yokhazikitsa zomwe mwaphunzira masana ubongo umaigwira muli mtulo. Inu tuloto ndi tomwe mukutithamangitsa ndi beseni.

Kuiwalanso si matenda. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany ankaloweza timawu topanda tanthauzo nkumadziyesa yekha, ndipo mu 1885 anaonetsa kuti zambiri zimatayika m'maola oyambirira enieniwo, kenako kuiwala kumayenda pang'onopang'ono. Anapezanso kuti kubwereza mosiyanitsa masiku kumaposa kuunjika zonse tsiku limodzi. Nyimbo zanu zija munaziimba Lamulungu lililonse kwa zaka, komanso chuni chimakoka mawu otsatira. Photosynthesis, nkhani ya momwe zomera zimapangira chakudya chake, mwakumana nayo usiku umodzi wokha, maso ali gwa.

Koma chomwe ine ndikuona kuti chikukupwetekani kwambiri ndi kawerengedwe. Mukabwereza peji imodzi kasanu maso amaizolowera, mtima nkumati "izi ndikuzidziwa izi", pomwe mukungozizindikira chifukwa zili patsogolo panu. Mayeso safunsa zimenezo, amafuna muzitulutse nokha m'mutu buku palibe. Ofufuza awiri, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anayesa zimenezi mu 2006: ophunzira ena anangowerenga nkhani mobwereza, ena anawerenga kenako nkulemba zomwe akukumbukira osaonera. Patatha mphindi 5 owerenga mobwereza aja ndi omwe anachita bwino, koma patatha sabata odziyesa aja anawaposa. Vuto lake njira yodziyesayi imawawa, umadziona ngati mbuli, nchifukwa chake ambiri amaithawa.

Ndiye chitani izi. Werengani mutu umodzi, mwachitsanzo wa za mtima, tsekani kope, tengani pepala mujambule mtima ndi zipinda zake zinayi osasuzumira, pomwe mwasowa ndi pomwe mutsegule kope. Mawa lake jambulaninso, kenako patapita masiku atatu, kenako sabata. Mapepala akale a MANEB muwayankhe mukuyang'ana wotchi, osangowerenga mayankho a anzanu. Mukamapita kumsika ndi amayi kukagulitsa kachewere, afotokozereni m'Chichewa momwe magazi amayendera m'thupi, akakufunsani funso loti simutha kuyankha mukalione mukafika kunyumba. Ikakwana 10 koloko usiku zimitsani tochi mukagone.