Kodi nyanja imauma kapena imaphwa?

Funso: Ndinamva pa wailesi kuti maiko asanu anagwirizana kuti apulumutse nyanja ya Aral yomwe "ikuuma". Agogo anga akuti nyanja siuma, imaphwa. Akulondola ndani? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Achimwene, agogowo akunena zoona. Chimauma ndi chinthu chomwe chinanyowa: nkhuni, malaya pachingwe, usipa pathandala. Madzi eni ake amaphwa, kutsika pang'onopang'ono mpaka kusiya matope. Mu 1995 Chilwa itatha madzi ndinafika pa Kachulu, ndinapeza mabwato atagona cham'mbali pa dothi long'aluka. Msodzi aliyense ankati "nyanja yaphwa". Louma linali dothilo.  Chimandipweteka n'chakuti owulutsa mawu ena amangonyamula liwu limodzi lachingerezi n'kuliveka "kuuma" paliponse, ena mpaka kumati "kuseva nyanja", chonsecho kupulumutsa kulipo.

Nkhani ya Aral imafuna mawu onse awiri. Mu 1960 nyanjayi, yomwe ili pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, inali yachinayi kukula padziko lonse mwa nyanja zozunguliridwa ndi mtunda, masikweya kilomita pafupifupi 68,000. Boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya kuti izithirira thonje, nyanja n'kuyamba kuphwa. Ku Moynaq, doko lakale la asodzi ku Uzbekistan, sitima zadzimbiri zangokhala pamchenga. Mu 1993 Kazakhstan, Uzbekistan, Turkmenistan, Tajikistan ndi Kyrgyzstan anakhazikitsa thumba lopulumutsira nyanjayi, ngakhale kumvana kumavuta: akumtunda amafuna kutsegula madamu m'nyengo yozizira kuti apeze magetsi, akumunsi amawafuna madziwo m'nyengo yotentha, yothirira minda.

Tsono tamvani. Kazakhstan itamaliza damu la Kok-Aral mu 2005, madzi a chigawo chakumpoto anakweranso, nsomba zinabwerera. Kumeneko nyanja inali itangophwa, ndipo chophwa chimadzadzanso, monga Chilwa imachitira mvula ikagwa bwino. Kummwera ndiye kwina. Mu 2014 mbali yakum'mawa inatheratu, pansi pake pakhala chipululu chamchere chotchedwa Aralkum, pomwe akudzalapo mitengo yoti igwire fumbi. Pamenepo nenani kuti "pomwe panali nyanja pauma", ndipo agogo sakutsutsani. Mukawauze kuti ndawapatsa moni.