Mayi a ku Mufakose, mdzukulu wanuyo sakunama

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Mufakose, mu mzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, kwawo kwa makolo ku Ntcheu. Anawalembera ndi mdzukulu wawo, iwo akumuuza zolemba. Funso lawo nali: "Mwanayu akuti foni yanga ndi kompyuta. Ine chibadwire sindinakhudzepo kompyuta. Kodi akundiseka? Nanga zinthuzi zinayamba liti?"

Mayi, sakukusekani. Foni imene mumamverapo mauthenga a pa WhatsApp a gulu la kumpingo ija ndi kompyuta yeniyeni, kungoti inachepa thupi.

Poyamba dzina loti kompyuta linali la munthu. Anali munthu wolembedwa ntchito yowerengera masamu ndi pensulo tsiku lonse, ndipo ambiri anali azimayi. Ku England, Charles Babbage anajambula pulani ya makina oti azigwira ntchito imeneyi cha m'ma 1837, koma anamwalira asanawamange. Ada Lovelace, mu 1843, analemba ndondomeko ya momwe makinawo angawerengere masamu, mwakuti ambiri amati iyeyu ndiye anayamba kulemba mapulogalamu.

Makina amene ndimakonda kufotokoza ndi ENIAC, amene anaonetsedwa kwa anthu mu 1946 ku University of Pennsylvania ku America. Ankalemera matani pafupifupi 30 ndipo ankadzaza chipinda chachikulu. Mkati mwake munali machubu agalasi onga mababu pafupifupi 18,000, otentha komanso okonda kupsa. Anawapangira asilikali, kuti aziwerengera komwe chipolopolo cha mzinga chikagwere. Amene ankawauza zochita anali azimayi 6, ankachita kuzula mawaya apa n'kukalumikiza apo. Ndiye mukamati kompyuta ndi za anyamata a m'maofesi, dziwani kuti azimayi anzanu analipo kale.

Chimene chinachepetsa chimakina chimenechi ndi kachipangizo kotchedwa transistor, kamene anakatulukira ku Bell Labs, malo ochitira kafukufuku ku America, mu 1947. Mu kompyuta ntchito yake ndi ya switchi basi, kuyatsa ndi kuzimitsa. Kompyuta iliyonse imawerengera ndi kuyatsa ndi kuzimitsa komweko, kungoti mwaliwiro losaneneka. Mu 1971 kampani ya Intel inaika ma transistor 2,300 pa kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Ma transistor a m'foni zamakono amawerengedwa m'mabiliyoni. Kenako kunabwera kompyuta ya patebulo ya IBM mu 1981, ndipo mu 1989 Tim Berners-Lee, akugwira ntchito ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, anayambitsa njira ya masamba a pa intaneti amene timatsegulawa.

Zonsezi ndi za kunja. Kwa ife kuno nkhani inayenda mwina, ndipo n'chifukwa chake simunazindikire tsiku limene kompyuta inalowa m'nyumba mwanu. Ya patebulo ija inathera kubanki, m'maofesi a m'tauni ndi m'masukulu a anthu opeza bwino. Ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku inalowa kudzera m'thumba. Kampani ya mafoni ya Econet inayamba ntchito mu 1998, mwini wake Strive Masiyiwa atalimbana ndi boma m'makhoti kwa zaka zingapo kuti apatsidwe laisensi. Masiku amenewo foni inali ya mabwana, layini yokha mtengo wake wosayamba. Pang'onopang'ono inafika kwa ogulitsa tomato.

Mukukumbukira momwe tinkatumizira ndalama kumudzi? Malemu bambo anga ankapita kokwerera mabasi a ku Blantyre m'mawa kusanache, envulopu ili m'thumba la mkati la jekete. Ankayang'ana nkhope za anthu, kufuna wa kwathu wooneka woopa Mulungu. Envulopuyo inkadutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukalowa pa Mwanza, ife kuno tikungodikira. Yankho linkabwera patatha mwezi, nthawi zina osabwera n'komwe. Uthenga wa maliro a azakhali anga unatipeza anthu atasesa kale. Ambiri amene ankatchedwa matchona sikuti anaiwala kwawo dala ayi, njira ya kalata ndiyo inali yaitali.

Lero mumapita pa Mukuru, kampani yotumiza ndalama, ndipo musanafike kunyumba mlongo wanu wa ku Ntcheu waimba kale kuti zafika. Kumeneko nawonso ali ndi Airtel Money ndi Mpamba. Kuno EcoCash, njira ya Econet yotumizira ndalama pa foni, inayamba mu 2011, patapita zaka 4 kuchokera pamene M-Pesa inayamba ku Kenya. Mukamalipira ndiwo pamsika ndi foni, palibe ndalama imene ikuuluka m'mwamba. Foni yanu imangotumiza uthenga ku makompyuta akuluakulu a kampani, iwo n'kuchotsa nambala pa dzina lanu n'kuiwonjezera pa dzina la wogulitsayo. Ndi kaundula chabe, ngati buku lija la ngongole la pagolosale, koma lolembedwa m'kuphethira kwa diso.

Sindikuuzani kuti zonse ndi zokoma. Mu Januwale 2019, boma litatseka intaneti panthawi ya zionetsero za mtengo wa mafuta, tinaona momwe tazolowerera: abale kumudzi ankangoti kaya ali moyo. Magetsi akazima tsiku lonse mumayamba kusaka kotchajira ngati mukusaka madzi. Mabandulo amatha musanamalize kuonera vidiyo ya chinkhoswe. Ndiye pali akathyali aja otumiza uthenga woti "ndalama zalowa kwa inu molakwika, bwezani", pamene palibe chalowa. Mnansi wanga anabweza ndithu, ndalama za lendi.

Choncho mdzukuluyo wapambana mkanganowu, mumugulire kanthu. Muzimupempha akuphunzitseni kuona nokha ndalama zotsala mufoni musanakhulupirire uthenga uliwonse. Koma nambala yanu yachinsinsi ija musamuuze, ngakhale iyeyo.